Limu yoyenera tayala lalikulu la m'matope: musayambe ndi limu

Mvula ikangoyamba, eni ma Hilux ndi ma Land Cruiser amabwera ndi nkhani imodzi. Akufuna matayala akuluakulu a mano otalika, aja a m'matope, ndipo akufunsa malimu, zitsulo zozungulira zija zomwe tayala limavala, oti aikepo. Chovuta n'chakuti ambiri amafunsa atagula kale malimuwo. Anawaona pa Facebook, otakata, onyezimira, otuluka kunja kwa madigadi, mtima dyokodyoko, ndalama n'kutumiza. Ine ndimawauza zosakoma: mwayambira kumchira. Choyamba kusankha ndi tayala, ndipo tayalalo ndi lomwe limakuuzani limu yake. Ndipo ngati galimoto yanu imapitadi m'matope, limu yomwe mukufuna ndi yopyapyala kuposa yomwe maso anu akukhumbira.

Tiyambe ndi kayezedwe, poti apa ndi pomwe wogula ndi wogulitsa amanamizana onse osadziwa. Mukagoneka tepi pamwamba pa limu kuchokera mlomo uwu kufika mlomo uwo, nambala yomwe mupeze si kutakata kwa limuyo. Kutakata kumayezedwa m'kati, pakati pa milomo iwiri, pomwe tayala limakhala. Muyeso wa kunja umaposa wa m'kati ndi pafupifupi inchi imodzi. Ndiye limu yomwe tepi yanu ikuti mainchesi 9 nthawi zambiri ndi ya 8. Njira yachidule ndi kuitembenuza, kupukuta dothi kumbuyo kwake, n'kuwerenga zomwe anadindapo. Mupeza zonga 16x8J ET0 kapena 8Jx16. Nambala 16 ndi kukula kwa limu, 8 ndi kutakata kwake, J ndi mtundu wa mlomo. Za ET tidzazikamba kutsogoloku, ndipo musazinyoze.

Matayala nawo amalembedwa m'njira ziwiri. Ina ndi ya mainchesi: 33x12.50R15 ndi tayala lotalika pafupifupi mainchesi 33, lotakata 12.5, lolowa pa limu ya 15. Ina ndi ya mamilimita: pa 285/75R16, tayala ndi lotakata mamilimita 285, khoma la m'mbali ndi 75 peresenti ya 285, limu ndi ya 16. Kuti mudziwe kutalika kwake, tengani 75 peresenti ya 285, mupeza 213.75. Chulukitsani kawiri poti khoma lili pamwamba ndi pansi, kenaka onjezani mainchesi 16 a limu omwe ndi mamilimita 406.4. Zonse pamodzi ndi mamilimita 834, kapena mainchesi 32.8. N'chifukwa chake anthu amangoti 285/75R16 ndi tayala la 33.

Kampani iliyonse yopanga matayala, kaya BFGoodrich, Maxxis kapena Cooper, imalemba malire a limu pa sayizi iliyonse: yopyapyala kwambiri yololedwa, yotakata kwambiri yololedwa, ndi limu yomwe anayezerapo tayalalo. Manambala omwe mungawapeze kawirikawiri ndi awa. Tayala la 31x10.50R15 limafuna limu ya mainchesi 7 mpaka 9. La 265/75R16 limafuna 7 mpaka 8. La 285/75R16 limafuna 7.5 mpaka 9, ndipo amaliyezera pa 8. Matayala otakata 12.50, kaya 33 kapena 35, amafuna 8.5 mpaka 11, ndipo amawayezera pa 10. La 235/85R16 limayambira pa 6, la 255/85R16 pa 6.5. Malirewa amasiyanako pang'ono kampani ndi kampani, choncho onani pepala la tayala lomwe mukugulalo musanatulutse ndalama. Wogulitsa akati "ilowa iyi, bwana," dziwani kuti kulowa n'kwina, kuyenera n'kwina. Tayala ndi labala, mukalikakamiza lilowa pafupifupi paliponse.

Pali lamulo laling'ono loti muzilikumbukira. Mukasintha kutakata kwa limu ndi theka la inchi, tayala limatakata kapena kuchepa ndi pafupifupi mamilimita 5. Tayala la 12.50 lomwe analiyezera pa limu ya 10, mukaliika pa 8.5 limachepa ndi mamilimita 15. Zikuoneka zochepa, koma nthawi zina mamilimita amenewo ndi omwe amasiyanitsa tayala lokhula chasesi ndi losakhula.

Tsopano mkati mwa malire ololedwawo musankhe mbali iti? Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse.

Tengani tayala la 35x12.50 muliike pa limu ya mainchesi 10 kapena 11. Makoma ake amaima chilili, mano onse amagunda pansi mofanana, ndipo pa tala galimoto imakhota mosagwedezeka. Likuoneka bwino, sindikana. Koma m'matope sitiyenda ndi mpweya wa pa tala. Timaphwetsa dala, kuti tayala lifutukuke, mano ambiri agwire pansi, ndiponso kuti likamapindika lizilavula matope omwe amamatirira pakati pa mano. Chomwe chimagwira mlomo wa tayala kuti usachoke pa limu ndi mpweya womwewo, pamodzi ndi kamzere kotukuka komwe kali m'kati mwa limu. Mukachepetsa mpweya, mphamvu yokankhira mlomo kunja yachepa. Pa limu yotakata, milomo ya tayala inakokedwa kale kuti ifike m'mbali, ndipo mwachibadwa imafuna kubwerera m'kati. Ndiye tangoganizani mwalowa mu mkwasa wozama womwe thirakitala inasiya, mwakhotetsa chiwongolero mwamphamvu kuti mutulukemo, khoma la tayala lakankhidwa ndi dothi. Mumangomva phwii, mpweya wonse watuluka nthawi imodzi, tayala lavuka pa limu, ndipo muli pakati pa thope pomwe jeke alibe popondera.

Tayala lomwelo pa limu ya 8.5 kapena 9 limachita zosiyana. Milomo yake yapanikizidwa, ndiye imadzikankhira yokha kunja, n'kumamatira pa limu ngakhale mpweya uchepe. Makoma amatupa ngati mimba ya mtsuko, n'kuphimba mlomo wa limu. Mwala kapena chitsa chobisika m'matope chimayamba kugunda labala chisanafike pa chitsulo. Chinanso chomwe anthu samachiganizira: pa limu yotakata, mchenga ndi timiyala zimalowa mosavuta pakati pa mlomo wa tayala ndi limu. Pakapita masiku mumadabwa tayala likuphwa pang'onopang'ono, koma mukaliviika m'madzi palibe msomali, thovu likungotuluka m'mbali mwa mlomo.

Choncho ine ndimasankha limu ya kumunsi kwa malire ololedwa, kapena pamwamba pake pang'ono. Pa 12.50, limu ya 8.5 kapena 9. Pa 285/75R16, limu ya 8. Pa 265/75R16, ya 7 kapena 7.5. Pa 31x10.50R15, ya 7 kapena 8. Ndikudziwa kuti anthu ambiri okonda zam'tchire amaika 12.50 pa limu ya 8, ndipo amayamikira kuti silivuka. N'zoona kuti silivuka msanga. Koma mwatuluka m'malire a wopanga tayala, ndipo mtengo wake mumaulipira pa tala: pakati pa tayala pamatukuka, mano a pakati amatha msanga a m'mbali akadali atsopano, ndipo pa liwiro galimoto imayendayenda mumsewu, inu n'kumangowongola. Ngati galimotoyo ndi ya kumunda basi, chitani zomwe mukufuna. Ngati sabata iliyonse imayenda pa M1 itanyamula anthu, khalani m'malire.

Koma musanafike pa limu, dzifunseni ngati mukufunadi tayala lotakata. Matope si amodzi. Misewu yathu yambiri ya dothi, makamaka ya katondo, imaterera pamwamba koma pansi pake pali polimba. Pamenepo tayala lalitali lopyapyala limadula thope n'kukapeza dothi louma, pomwe lotakata limangoyandama pamwamba n'kumasambira cham'mbali, mpaka mumngalande. Makande a ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi khalidwe lawo: amamatirira, amadzaza mano, tayala n'kusanduka chibulumwa chosalala, ndipo tayala likatakata limanyamula makande ambiri mpaka kutseka m'madigadi. Komwe tayala lotakata limapambana ndi m'dambo mopanda pansi polimba ndi mumchenga wa kunyanja, komwe cholinga ndi kusatitimira. Si zangozi kuti ma Land Cruiser a zipatala ndi a mabungwe akhala akuyenda pa matayala opyapyala a 7.50R16 kwa zaka zambiri, pa limu za mainchesi 5.5 kapena 6. Ngakhale ma Land Rover a mpikisano wa Camel Trophy, womwe mu 1991 unadutsa ku Tanzania ndi Burundi, ankayenda pa matayala opyapyala otere. Amene akufuna kutalika kwa 33 popanda kutakata, 255/85R16 ndi lotalika mamilimita 840, kuposa pang'ono 285/75R16, ndipo limakhala bwino pa limu ya 7. Vuto lake ndi kupezeka. Likaphulika muli kutali ndi tawuni, kupeza linzake ndi ntchito, pomwe 265/75R16, 235/85R16 ndi 7.50R16 ndi masayizi odziwika. Chomwe chimakupulumutsani m'matope kwambiri ndi kutalika, poti ndiko kumakweza difu, chibulumwa cha magiya chija cha pakati pa mawilo, kuti isakhale pa dothi la pakati pa mikwasa. Kutakata kumabwera pambuyo.

Tibwerere kwa ET uja. Nambalayi ikunena komwe nkhope ya limu, ija imakhudza habu (chitsulo cha mabawuti pomwe timamangirira limu), ili poyerekeza ndi pakati penipeni pa limu, m'mamilimita. ET0 ndiye kuti ili pakati ndendende. Nambala ikakhala yokwera, monga ET30, limu yalowa m'kati mwa galimoto. Ikakhala ndi kamzere kochotsera, monga ET-25, limu yatuluka kunja. Malimu awiri otakata mofanana akhoza kukhala mosiyaniratu pa galimoto imodzi chifukwa cha nambala imeneyi.

Masamu ake ndi osavuta. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Mukachoka pa limu ya 7 kupita pa ya 8 osasintha ET, mlomo wa m'kati umayandikira shoko ndi mamilimita 12.7, wa kunja umatulukanso ndi 12.7. Mukachepetsa ET ndi 13, mlomo wa m'kati umabwerera pomwe unali, wa kunja umatuluka ndi pafupifupi inchi yathunthu. Tiyerekeze muli ndi 16x7 ET30 ndipo mukufuna 16x8 ET0. Limu yonse yasunthira kunja ndi mamilimita 30. Mlomo wa m'kati watalikira zitsulo ndi 17, wa kunja watuluka ndi 43. Lembani masamuwa pa pepala musanagule, ndipo kumbukirani kuti tayala limatupa kupitirira limu mbali zonse.

Anthu amakonda ET yotulutsa kwambiri chifukwa galimoto imaoneka yaukali. Koma tayala likatuluka, pokhota limayenda mtunda wautali, n'kuyamba kugunda kumapeto kwa bampala kutsogolo ndi m'munsi mwa bodi kumbuyo kwa tayala. Ma bearing ndi ma ball joint amanyamula katundu mopendekeka, amatha msanga. Dzenje lililonse chiwongolero chimakumenyani m'manja. Ndipo matope onse amathera pa magalasi a m'mbali ndi pa anthu a njinga omwe mukuwapitirira, omwe sanakulakwireni. Tulutsani limu mongokwanira kuti tayala lisakhudze za m'kati, basi. Ma spacer, zitsulo zoika pakati pa habu ndi limu kuti limu ituluke, sindiwakonda pa galimoto yonyamula katundu. Ndi bwino kugula limu ya ET yoyenera kusiyana ndi kuwonjezera chitsulo china ndi manati ena oti muziwadera nkhawa.

Zibowo nazo ziyenera kugwirizana. Hilux wa 4x4, Ford Ranger, Nissan Patrol wa Y61 ndi Land Cruiser 80 onse ali ndi mabawuti 6 pa muyeso wa mamilimita 139.7, womwe ndi kukula kwa mzere wozungulira womwe mabawutiwo akhalapo. Land Cruiser 100 ndi ma 70 atsopanoko, monga 76, 78 ndi 79, ali ndi mabawuti 5 pa 150. Land Rover Defender wakale ali ndi 5 pa 165.1. Nissan Navara D40 imapusitsa anthu: mabawuti ndi 6 ndithu, koma muyeso ndi 114.3. Ngakhale mabawuti agwirizane, bowo la pakati limasiyana. La Hilux ndi mamilimita 106, la Ranger ndi 93, ndiye limu ya Ranger sikhala pa habu ya Hilux. Limu ya 15 imapatsa khoma lalitali, lomwe ndi labwino pophwetsa, koma pa magalimoto atsopano a mabuleki akuluakulu imagunda kalipa, chitsulo chopana mabuleki chija. Yesani limu yopanda tayala kutsogolo, muizungulize ndi dzanja, mumvetsere. Onaninso manati: malimu a aluminiyamu a Toyota amamangidwa ndi manati a washala osalala, pomwe malimu ambiri achitsulo amafuna manati osongoka kumutu. Mukasakaniza, amamasuka okha panjira.

Pa nkhani ya chitsulo kapena aluminiyamu sinditaya nthawi. Yachitsulo ndi yolemera, koma ikapindika pa mwala mumaiwongola ndi hamala n'kupitiriza ulendo. Ya aluminiyamu ikang'aluka, yatha.

Musanamange matayala onse, mangani limodzi, liikeni kutsogolo, mutsitse jeke. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, mugone pansi ndi tochi, mulowetse zala kuzungulira tayala. Pomwe zala ziwiri sizikulowa, pamenepo pakhula. Yang'anani paipi ya mabuleki, mkono wa pamwamba ndi chasesi. Kenaka pezani ngalande kapena chulu, mukwezepo tayala limodzi mopingasa kuti sipuling'i ipanikizike mpaka kumapeto, mukhotetsenso. Tayala lomwe silikhula pabwalo la garaja likhoza kung'amba mudigadi pa dzenje loyamba. Siyaninso malo a matope, poti m'makande tayala limanenepa lokha likuyenda.

Pomanga pali zinthu zomwe zimapha anthu, ndipo sindikukokomeza. Pali malimu a mainchesi 16.5, omwe amabwera ndi magalimoto ena akale a ku America. Tayala la 16 limalowa pa limu imeneyi koma mlomo sukhala m'malo mwake, ndipo wopopa akaonjezera mpweya kuti ukhale, limaphulika. Werengani chidindo cha limu iliyonse ya kaunjika. Malimu akale a Land Cruiser aja a lingi yochotsa amafuna chubu, ndipo powapopa lingiyo ikhale mu khola lachitsulo kapena yoyang'ana pansi, munthu asaime kutsogolo kwake. Musaike tayala lopanda chubu pa limu yotere. Pokhazika mlomo wa tayala musapitirire 40 psi pa geji ya mpweya. Ukakana kukhala, phwetsani, pakani sopo, yambaninso. Zothira petulo m'tayala n'kuyatsa machesi zija zimaoneka zosangalatsa pa kanema, koma ine pamalo panga sindilola. Tayala lopyapyala pa limu yotakata ndi lomwe limavuta kukhazika, ndipo ndi lomwe limachititsa anyamata kutenga machesi. Ndi chizindikiro china chakuti limu yakula.

Ngati tayala ndi la kaunjika, onani manambala anayi omaliza pomwe palembedwa DOT. Akalemba 2319, linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mano akhoza kukhala athunthu koma labala litauma, ndipo khoma louma silipirira kuphwetsedwa.

Mpweya wa pa tala suchokera pa nambala yaikulu yolembedwa m'mbali mwa tayala. Imeneyo ndi ya katundu wolemera kwambiri yemwe tayala lingathe kunyamula. Nambala ya pa chitseko cha galimoto nayo inalembedwera matayala omwe inabwera nawo, ndiye ndi poyambira chabe. Tengani choko, mujambule mzere wonenepa kudutsa mano onse kuchokera mbali iyi kufika inayo, muyende molunjika mamita ochepa pa tala wosalala, mutsike muone. Choko chikafufutika pakati pokha, mpweya wachuluka. Chikafufutika m'mbali mokha, wachepa. Tsitsani kapena kwezani mpweya pang'onopang'ono mpaka mzere wonse uzifufutika pamodzi, galimoto itanyamula katundu wake wa masiku onse. Ngati mwatsitsa mpweya kwambiri koma m'mbali simukufufutikabe, vuto si mpweya, limu yapyapyala mopitirira. Musapitirize kutsitsa kuti mukonze zimenezo, chifukwa tayala lochepa mpweya limatentha pa liwiro.

M'matope, pa limu wamba yomwe mwaisankha bwino, mukhoza kutsika kufika pa 18 kapena 20 psi, womwe ndi pafupifupi 1.3 bar, n'kumayenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi. Pansi pa 15 psi mwayamba kuseweretsa mlomo wa tayala, makamaka galimoto ikalemedwa. Ochita mipikisano amagwiritsa ntchito malimu a beadlock, omwe amapana mlomo wa tayala ndi lingi ya mabawuti ambiri, koma ndi odula, amafuna kumangidwa pafupipafupi, ndipo munthu wopita kumunda kapena kukaona ntchito kumudzi sawafuna. Chomwe akufuna ndi geji ya mpweya ndi pampu yolumikiza ku batire, kuti akafika pa tala apope asanathamange.

Tayala lalikulu limanamiza sipido. Hilux yomwe inabwera ndi 265/65R17, lotalika mamilimita 776, mukaiika pa 285/75R16 la 834, yakula ndi 7 peresenti ndi kanthu. Singano ikamaloza 80, inu mukuyenda pafupifupi 86, ndipo kamera ya apolisi siwerenga singano yanu. Galimoto imalemeranso ponyamuka, mafuta amapita ambiri, mabuleki amagwira mochedwerako. Zitatu zomalizazi zimakula limu ndi tayala zikamalemera.

Gulani malimu asanu, osati anayi. Sipeya ya sayizi yakale pa galimoto ya matayala a 33 imavutitsa difu, makamaka mukalowetsa 4x4, poti mawilo amazungulira mosiyana. Yezani malo a sipeya musanagule: pansi pa bodi ya pikapu tayala lalikulu nthawi zina silikwana pakati pa chasesi, ndipo pa chitseko cha kumbuyo kulemera kwake kumagwetsa mahinjesi. Mukamanga zonse, yendani makilomita 50 mpaka 100 mumangenso manati, mopingasa, pa mphamvu yomwe buku la galimoto yanu likunena. Ndipo mukachoka m'matope tsukani m'kati mwa malimu tsiku lomwelo. Thope likaumira mbali imodzi, chiwongolero chimanjenjemera pa liwiro, inu n'kukalipira balansi pomwe chimafunika ndi ndowa ya madzi ndi kamtengo kokolopolera.